Kodi Elvis anabera Big Mama Thornton nyimbo ya Hound Dog?

Bambo wina wanditumizira imelo. Akuti anakula akudziwa kuti Hound Dog ndi nyimbo ya Elvis Presley, woimba wotchuka wachizungu wa ku America, koma mwana wawo wawauza kuti Elvis anachita kuba kwa mayi wina wakuda. Akufuna kudziwa zoona zake.

Bambo, mwana wanuyo sakunama kuti nyimboyi inayamba ndi mayi wakuda. Woyamba kuimba nyimboyi anali Willie Mae Thornton, yemwe ankadziwika kuti Big Mama, wobadwira ku Alabama mu 1926. Anaijambula ku Los Angeles pa 13 Ogasiti 1952 ndi oimba a Johnny Otis, ndipo Otisyo ndi amene anakhala pa ng'oma. Kampani ya Peacock ya ku Houston inaitulutsa kumayambiriro kwa 1953. Inakhala pa nambala wani kwa masabata 7 pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues wa magazini ya Billboard.

Koma sanaipeke yekha. Anamulembera ndi anyamata awiri achizungu a zaka 19, Jerry Leiber ndi Mike Stoller, amene Otis anawaitana kuti adzamve mawu a mayiyu n'kumupangira nyimbo yomuyenera. Ndipo inamuyeneradi. M'nyimbomo muli mkazi amene watopa ndi mwamuna wongobwera kudzadya, wosasiya kalikonse pakhomo, ndiye akumuthamangitsa. Mukaimvetsera mumva kuti Big Mama sakunyengerera munthu. Akukalipa, akubuula, kwinaku akulankhulana ndi gitala wa Pete Lewis, ndipo chakumapeto oimba onse akuuwa. Kwa ine, palibe wina amene anaiimba kufika pamenepo.

Tsono Elvis analowa bwanji? Sanatengere kwa Big Mama mwachindunji. Mu 1956 ali ku Las Vegas anaonera gulu la Freddie Bell and the Bellboys, lomwe linali litasintha kale mawu kuti ikhale yoseketsa, yonena za galu weniweni wolephera kugwira kalulu. Elvis anatola imeneyo. Anaijambula ku New York pa 2 Julayi 1956, ndipo mbale yake ya galamafoni, yomwe kuseri kunali nyimbo ya Don't Be Cruel, inatha masabata 11 ili pamwamba pa nyimbo zonse ku America. Mwalamulo sanabe, chifukwa amene anailemba si Big Mama koma anyamata awiri aja, ndipo iwo anapeza nayo ndalama zambiri. Stoller anamva za kutchukako atangotsika padoko ku New York, atapulumuka pangozi ya sitima ya Andrea Doria imene inamira mwezi womwewo.

Chimene chimandiwawa ine chili kwina. Mkazi wokwiya uja anasowamo m'nyimbo. Panatsala phokoso lokoma ndi gule, koma nkhani ya mayi woteteza khomo lake inafafanizika, moti anthu mamiliyoni anavina osadziwa kuti inali nyimbo yothamangitsira mwamuna wa ulesi. Komanso Big Mama ankanena yekha kuti pa mbale yomwe inagulidwa zoposa 500,000 analandira madola 500 okha. Amene anamudyera masuku pamutu si Elvis, koma kachitidwe ka makampani a nthawi imeneyo: woimba ankapatsidwa kangachepe kamodzi, phindu lotsatira n'kumapita kwa mwini kampani ndi kwa amene dzina lake lalembedwa kuti ndi wolemba. Pamwamba pa izo panali tsankho. Mawailesi ambiri a azungu sankaika nyimbo za anthu akuda, choncho Big Mama sakanafika kumene Elvis anafika ngakhale akanaimba bwanji. Mpaka mu 1949 Billboard inkatcha nyimbozi ndi dzina losonyeza mtundu wa oimba ake, isanayambe kunena kuti rhythm and blues.

Mayiyu sanasiye kuimba. Anapeka Ball and Chain, yomwe woimba wachizungu Janis Joplin anaitchukitsa mu 1967, ndipo Joplin ankamutchula poyera. Anafika ku Ulaya mu 1965, anthu n'kumulandira ndi manja awiri. Koma chuma sanachione. Anamwalira ku Los Angeles mu Julayi 1984 ali ndi zaka 57, ndipo a Rock and Roll Hall of Fame, bungwe lolemekeza akatswiri a nyimbo, anadzamulemekeza mu 2024, patapita zaka 40.

Nyimbo zonse ziwiri zili pa YouTube. Mukhale pansi ndi mwana wanuyo, muyambe ndi ya 1953.