Kujambula ndakatulo kunyumba: yambani ndi chipinda, osati maikolofoni yodula

Mayi wina wa ku Kamwendo kuno ku Mchinji wandilembera pa imelo. Amalakatula ndakatulo ndipo akufuna kuyamba pulogalamu ya sabata ndi sabata yoti azitumiza pa WhatsApp ndi Facebook. Ali ndi laputopu yakale ndi foni ya Android, ndalama ndi zochepa, ndipo wina wawalangiza kuti agule maikolofoni ya condenser ngati zija timaziona m'situdiyo. Akufunsa ngati agule.

Achemwali, musagule. Condenser imatola chilichonse. M'situdiyo yotchingidwa bwino imagwira ntchito yabwino zedi, koma m'nyumba ya malata kufupi ndi msewu wa M12 idzajambula ndakatulo yanu pamodzi ndi malole opita ku Mwami, akabaza, chigayo ndi tambala wa aneba. Ma condenser ambiri amafunanso magetsi a 48V otchedwa phantom power, omwe amachokera m'kabokosi kotchedwa audio interface kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, ndiye kuti thumba libookanso kachiwiri.

Inu ikukuyenerani maikolofoni ya mtundu wa dynamic, yomwe imamva kwambiri mawu a pafupi ndi kukamwa. Samson Q2U kapena Audio-Technica ATR2100x ndi zabwino poyambira chifukwa zili ndi USB yolowa pa laputopu mwachindunji, XLR (polumikizira chingwe cha zida za m'situdiyo) yoti mudzagwiritse ntchito mukadzagula zida zina, komanso polumikizira mahedifoni kuti muzidzimva. Ndi kachingwe ka OTG, kolumikizira zida za USB ku foni, zimatha kulowa pa mafoni ambiri a Android. Shure SM58, yomwe yakhala pamsika kuyambira 1966, ndi yolimba koma imafuna interface ngati Behringer UMC22, ndipo zachinyengo zachuluka. Mukaipeza yotchipa modabwitsa, isiyeni.

Koma nkhani yaikulu ndi chipinda. Imani pakati muombe m'manja kamodzi. Mukamva kaphokoso kobwerera, dziwani kuti khoma lopulasitala ndi simenti yapansi zikubweza mawu, ndipo maikolofoni ngakhale ya mamiliyoni idzamveketsa mawu anu ngati mukulankhulira mu mgolo. Sankhani chipinda chogona osati pabalaza. Imikani matiresi kukhoma lomwe lili kumbuyo kwanu, pachikani bulangete lochindikala pawindo ndi pachitseko, yalani mkeka kapena kapeti, tsegulani wadirobu kuti zovala zimeze mawu, ndipo musakhale pakona. Ombaninso m'manja mumve kusiyana. Zomata matireyi a mazira kukhoma ndikutaya nthawi, ndi opyapyala kwambiri moti satchinga phokoso lakunja. Nthawi nayo isankheni: masana malata amathetheka ndi dzuwa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ikagunda padenga palibe chojambula. Usiku anthu atagona ndi pomwe pamakhala bata.

Pakamwa ndi maikolofoni pazilekana chibakera chimodzi, masentimita 10 mpaka 15, ndipo muiike chapambali pang'ono. Chichewa chathu chili ndi ph, th ndi kh wambiri, ndipo kampweya kotuluka ponena "mphepo" kamamenya maikolofoni n'kumveka bhu! Kansalu kopyapyala kokungidwa pa waya wozungulira kamachepetsa vutoli. Alakatuli mumakonda kunong'ona kenako n'kukuwa, choncho pokuwapo bwererani m'mbuyo pang'ono.

Pa laputopu ikani Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, ndi yaulere. Sankhani mono (njira imodzi ya mawu), 44.1 kHz, ndipo muchepetse gain (mphamvu yomwe mawu akulowera) mpaka mawu okwera kwambiri azithera pakati pa -12 ndi -6 dB pa mita ya mu Audacity. Akagunda 0 amang'ambika, sakonzekanso. Mukamva kulira kwapansipansi kosalekeza, kawirikawiri ndi magetsi athu a 50 Hz akulowera pa chaja. Zulani chaja mujambule ndi batire, zomwe zimakutetezaninso magetsi akathima pakati pa ndime. Musanayambe kulankhula siyani masekondi 10 a chete, kuti Noise Reduction ya mu Audacity idzadziwe phokoso loti ichotse, koma musaikankhe kwambiri, imaumitsa mawu.

Sungani choyambirira ngati WAV, fayilo yosafinya mawu. Chotumiza kwa anthu chikhale MP3 ya mono pa 64 kbps: mphindi 20 sizikwana 10 MB, omvera anu sadandaula za bandulo. Mukafuna kukapereka ku wailesi ngati Mudziwathu, tengani WAV ija. Ndipo ngati mukufuna nyimbo pansi pa mawu, pemphani kaye chilolezo kwa mwini wake kapena funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, apo ayi pezani mnzanu wa gitala akuimbireni zakezake.