Kuchepetsa thupi mwendo uli wotupa

Achemwali a ku Moatize, mwafunsa ngati n'zotheka kuchepetsa thupi pamene mwendo wanu unatupa chifukwa cha madzi osayenda bwino m'mitsempha. N'zotheka ndithu. Mayi anga kuno ku Ulongue akhala nalo vutoli zaka zambiri, ndipo ndine ndimawasamalira.

Sikelo isakupusitseni. Mwendo wotupa umasunga madzi, ndiye mutha kuchepa m'chiuno koma makilogalamu osasuntha. Ife tinatenga tepi ya atelala, ndipo Loweruka lililonse m'mawa timayeza chiuno ndi katumba, malo omwewo, n'kulemba m'kope. Zimenezi zinawalimbitsa mtima kuposa sikelo.

Pa chakudya sitinachite zachilendo. Mitanda ya nsima tinachepetsa, ndiwo zamasamba tinachulukitsa: nkhwani, bonongwe, ndi nyemba. Tchipisi ndi zakumwa zashuga anasiya. Madzi musaleke kumwa poopa kutupa. Chonde musagule mapiritsi okodzetsa mwa inu nokha, kutupa kwa mtundu uwu sakuthetsa.

Kwanuko dzuwa limaotcha, ndipo kutentha kumawonjezera kutupa. Yendani m'mamawa dzuwa lisanakwere, mutavala nsapato zosathina. Mukakhala pansi muzigwedeza phazi mmwamba ndi pansi, usiku ikani mtsamiro pansi pa mwendo. Tsiku lililonse tsukani ndi sopo, mupukute bwino pakati pa zala, poti kachilonda kakang'ono pamenepo ndiko kamalowetsa matenda.

Mwendo ukafiira, kutentha, thupi n'kumanjenjemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafunsenso za bandeji yomanga mwendo, akuonetseni kamangidwe kake.