Ku Likoma wolamula ulendo ndi sitima ndi mphepo

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kunyamuka ku Lilongwe Lachisanu ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri, kukacheza ku Likoma, n'kubwerako Lolemba kuti Lachiwiri mulawirire ku ntchito, ndipo mwezi wake mwati ndi Julaye. Ndikuyankheni mosapsatira: pa ndege zitheka, koma pa sitima iwalani. Apongozi anga ali komweko, cha ku Makulawe kumpoto kwa chilumbachi, ndiye njira imeneyi ndaiyenda kangapo.

Mtunda si wodetsa nkhawa, pakuti kuchoka pa Nkhata Bay kukafika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 70 basi. Nkhani yagona pa sitima. Ilala si minibasi yoti ikakusiyani mudikira ina. Imayenda ulendo umodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ku Karonga n'kubwerera, choncho pa Likoma imaima kawiri kokha: popita kumpoto ndi pobwerera kumwera. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yoti imachoka pa Nkhata Bay Lolemba usiku, n'kudzera pa Chizumulu, n'kufika ku Likoma Lachiwiri m'mawa, ndipo imadzakutenganinso Loweruka ikamalowera kumpoto. Mukawerenga bwino muona kuti ulendo wanu ndi wa sabata yathunthu, osati wa masiku atatu. Tengani tchuthi cha masiku asanu, ndipo Lolemba lotsatiralo musaikepo msonkhano wofunika.

Komanso sitimayi ndi nkhalamba. Anaipanga ku Scotland mu 1949, anadzailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Nthawi zina imaima milungu ingapo akuikonza, ndipo ngakhale ikuyenda, ola lolembedwa papepala limadalira kuchuluka kwa katundu wokweza ndi wotsitsa pa doko lililonse. Choncho musanagule n'komwe tikiti ya basi, imbani kumalo kumene mukagone ku Likoma muwafunse kuti sabata imeneyo kukuyenda chiyani. Anthu a pachilumba amadziwa za sitima kuposa wina aliyense, chifukwa ufa, shuga, simenti ndi alendo awo zonse zimabwera momwemo. Ndipo muyambe mwafunsa za pobwerera, zopita zibwere pambuyo.

Tsono za mwezi mwasankhawu. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mwera, ndipo Julaye ndiye pachimake pake. Nyanja imene mumaiona itagona phee ku Senga Bay m'mawa si imene mukaipeze pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu usiku wa mwera. Mafunde amakula, sitima imapendama uku ndi uku, akuluakulu omwe amasanza. Ilala imapirira, koma alipo maboti amatabwa onyamula katundu ndi anthu amene amawoloka masiku ena, ndipo wina adzakuuzani kuti "tiyeni, ndi otchipa, tifika msanga". Muli ndi ana, mu Julaye, musalole. Mutakhala ndi mpata wosuntha tchuthi, ine ndikanakonda Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala: mphepo yachepa, mvula isanayambe, madzi ali mbee. Kukutentha ndithu, koma nyanja ili pakhomo.

Mukaumirira Julaye yemweyo, tengani majuzi ndi bulangeti. Anthu amaseka akamva za bulangeti kunyanja, koma pamwamba pa sitima usiku mphepo imalowa mpaka m'mafupa. M'sitimamo muli magawo. Pansi ndi potchipa, koma ndi pothithikana, muli matumba a chimanga, madengu a usipa, nkhuku, malata, ndi anthu ogona paliponse. Pamwamba pali mpweya ndi malo oyala mkeka, ndiye palinso zipinda zogona zochepa zimene zimafuna kusungitsiratu. Kwa banja la ana awiri, lipirani zapamwamba, ndalamayo simudzaidandaula. Ana muwadyetse zopepuka musanakwere, ndipo mugule mankhwala oletsa nseru ku famase mukadali ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Mafoni, ndalama ndi zitupa muzikulunge m'majumbo. Pa madoko ena, monga pa Chizumulu, sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti aang'ono, kenako n'kuponda m'madzi pofika pamtunda. Valani zoti zikanyowa musalire, ndipo katundu akhale woti munthu mmodzi anyamule dzanja lina litagwira mwana. Masutikesi amatayala aja asiyeni ku Area 25, ku Likoma ndi mchenga ndi miyala.

Ndalama tengani zokwanira m'manja musanachoke kumtunda, zina muike mu Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa netiweki ikavuta kapena wothandiza pa kauntala akakhala alibe ndalama, mudzasowa pogwira. Zinthu za m'golosale n'zokwererapo mtengo poti zonse zimawoloka nyanja, ndiye mkaka wa ana, matewera ndi mankhwala amene mumamwa masiku onse mugulire konkuno. Za chakudya musade nkhawa ngati mumadya nsomba. Usipa ndi utaka ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo nsima yake nthawi zambiri ndi kondowole. Ana ozolowera ya ufa woyera amayamba aiyang'ana kaye kondowole, koma pofika tsiku lachitatu amakhala akupempha yowonjezera.

Pogona zili kwa thumba lanu. Kaya Mawa ndi ya alendo olipira madola, Mango Drift ndi Ulisa Bay Lodge n'zofikirika pang'ono, ndipo cha ku Mbamba, kumene kuli msika, kuli nyumba zogona alendo zotsika mtengo. Kulikonse mukagone, funsani za neti. Udzudzu wa kunyanja sucheza. Mwana akatentha thupi musadikire sitima, chipatala cha St Peter's chili pomwepo. Ndipo poti ana adzasambira tsiku lililonse, mukabwerako pakatha miyezi iwiri mukawayezetse likodzo.

Chilumbacho n'chaching'ono, kutalika kwake ndi makilomita ngati 8, ndipo boma lonse la Likoma pamodzi ndi Chizumulu linali ndi anthu pafupifupi 14,500 pa kalembera wa 2018. Magalimoto ndi owerengeka, mumayenda pansi pakati pa milambe kapena kukwera kabaza wa njinga yamoto. Chimene simungachiphonye ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's ku Chipyela. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika pachilumbachi m'ma 1880, ndipo tchalitchichi anayamba kuchimanga mu 1903, pamalo pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, n'chifukwa chake dzina lija la Chipyela. Munthu umaima pakhomo n'kudzifunsa kuti chinyumba chotere chinatheka bwanji pakachilumba kopanda msewu wochokera kumtunda. Ngati sitima yakusiyirani Lamulungu, kalowereni mapemphero ngakhale muli a mpingo wina, nyimbo zake zokha n'zokwanira. Mayi avale chitenje, anthu akumeneko amalemekeza malowa kwambiri.

Mapiri amene mudzawaone pafupi kum'mawa si a Malawi ayi, ndi a Mozambique. Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo tauni ya Cobue ili tsidya lomwelo. Kupita ku Likoma sikufuna pasipoti, koma mukafuna kuwolokera ku Cobue ndiye mwatuluka m'dziko, mutenge mapasipoti a banja lonse ndipo mudindiritse ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka musanakwere boti.

Ngati bwana wanu sangakupatseni sabata yonse, njira yotsala ndi tindege ting'onoting'ono tochokera ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi, koma mtengo wa anthu anayi ungakugulireni ulendo wa sitima kangapo. Apo ayi, masiku atatuwo kacheereni pa Nkhata Bay kapena ku Chintheche, Likoma mumusungire Seputembala. Mukatsimikiza tsiku mundiuze, ndili ndi kathumba ka shuga ndi sopo kopita kwa apongozi.