Za ma veneer: yankho kwa achemwali amene munandilembera

Achemwali, imelo yanu yandikhudza zedi. Mwati mano anu akutsogolo ali ndi mawanga a bulauni, limodzi linabenthuka, ndiye mukufunsa ngati ndi bwino kuikitsa ma veneer, tizikuto topyapyala tomata kumaso kwa mano. Ndachedwa kuyankha chifukwa nkhaniyi ndi yanganso.

Ine langa linabenthuka ndili mwana, kakona kokha kanachoka koma ndinakula ndikuseka dzanja lili pakamwa, moti pa zithunzi zakale ndimaoneka ngati ndakwiya pomwe ndinali wosangalala bwinobwino. Nditayamba kulandira ndalama zanga ndinapita kwa dokotala wa mano nditatsimikiza kale kuti onse akutsogolo ayere mbee! Adokotalawo sanatsutse, anangotenga kachinthu kopyapyala ngati chikhadabo n'kundiika pa chala, kopepuka koti mphepo ikhoza kukaulutsa, n'kundiuza kuti veneer ndi kameneka, ka porcelain (dothi lowotcha lolimba ngati la makapu a tiyi), amakamata kumaso kwa dzino. Kenako anati kuti kakhale bwino osatuluka ngati chotupa amayamba apala kaye enamelo, chikuto cholimba chija cha dzino, mwina theka la milimita. Ndinafunsa kuti nanga ndikadzatopa nako? Anandiyang'ana n'kunena kuti enamelo sameranso. Basi. Ukapalitsa ndiye kuti moyo wako wonse dzinolo lizikhala lovala chinachake, ndipo a porcelain amakhala zaka 10 mpaka 15, akatha ubwererenso ukalipire.

Ndinatuluka atangondimata composite pa dzino limodzi lobenthukalo, ka phala koyera kamene amakaumba pompo n'kukaumitsa ndi kanyali ka buluu, osapala chilichonse cha nzeru. Patapita zaka kanayamba kuda m'mphepete chifukwa ine ndi tiyi sitisiyana, anakakonzanso, nkhani inathera pomwepo.

Mukudziwa kuti zinthuzi zinayambira mu mafilimu? Dokotala wina wa ku California, Charles Pincus, ndi amene anazipanga mu 1928, ankamata ochita mafilimu a ku Hollywood kuti ajambulidwe kenako n'kuchotsa. Zinali zovala za pa kamera chabe. Kumata kolimba kunabwera pambuyo pake, dokotala wina wa mano, Michael Buonocore, atapeza mu 1955 kuti asidi akakhakhalitsa enamelo zomatira zimagwira, ndipo m'ma 1980 ndi pomwe akatswiri ena anapeza njira yomatira porcelain kuti ikhalitse.

Ndiye lero mukatsegula Instagram ndi TikTok aliyense mano ofanana ndendende, oyera mopweteka maso, otalika mofanana, ndipo ine apa ndilankhula mosabisa, sizikongola ayi. Mano enieni sakhala choncho, amakhala ndi kachikasu pang'ono chakufupi ndi nkhama, kunsonga amaonekera kuwala. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mavidiyo aja a anthu opita ku Turkey, mano abwinobwino atasongoledwa kutsala tizitsa, iwo n'kumati aika ma veneer. Amenewo si ma veneer, ndi ma crown, zisoti zovindikira dzino lonse, dzino limadyeka mbali zonse, ena mpaka mtsempha wa m'kati umafa. Mtsikana wa zaka 22 mano opanda vuto kuwasongola chifukwa cha selfie? Ayi ndithu, dokotala wovomera zimenezo ine sindingamukhulupirire ngakhale kungonditsuka mano. Ndipo amene ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, chonde kasiyeni, wakuuzani kuti ndi chilema ndani?

Tsono inu mutani?

Pitani akakuoneni kaye nkhama ndi mano obowoka, veneer samata pa dzino lodwala. Mawanga a bulauni kapena oyera nthawi zina amabwera ngati munthu anamwa madzi okhala ndi mchere wa fluoride wochuluka ali mwana, ndipo ngati ali pamwamba chabe amatha kuchepa powayeretsa kapena kupukuta pang'ono. Lobenthukalo funsani za composite. Ngati mawanga analowerera mpaka zonsezi zakanika, apo veneer ndi yoyenera, koma yeretsani mano enawo musanaike chifukwa porcelain siyera ndi mankhwala, mtundu umene mwasankha ndi womwewo. Ngati mumakukuta mano kutulo nenani, ma veneer amasweka, mudzafunika chovala m'kamwa usiku. Ndipo musanakhale pa mpando uja afunseni kuti apala enamelo wochuluka bwanji pa dzino lililonse, akazemba funsolo nyamukani.