Kodi timu ipereke pick ya draft kuti itenge wosewera wovulala?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: timu ya mu NBA, ligi ya basketball ya ku America, ikapereka pick, kutanthauza mwayi wake wosankha wachinyamata pa draft (pamene matimu amasankha osewera atsopano chaka chilichonse), n'kutenga katswiri amene ndi wovulala, imakhala yapindula kapena yadziwotcha?

Achimwene, yambani mwaona pamene timuyo yafika. Ngati yatsala pang'ono kutenga chikho, ipereke basi. Ndi zimene Toronto Raptors inachita mu 2018. Kawhi Leonard anali atasewera magemu 9 okha mu sizoni yapitayo chifukwa cha vuto la ntchafu, koma Masai Ujiri, bwana wa Raptors panthawiyo, anatumiza DeMar DeRozan, Jakob Poeltl ndi pick ya 2019 ku San Antonio kuti amutenge. Anamusamala kwambiri, kumamupumitsa magemu ena, moti anasewera 60 mwa 82. Mu June 2019 chikho chinapita ku Toronto. Pick ija inakagwa pa nambala 29, popeza matimu opambana magemu ambiri mu sizoni amasankha kumapeto. Kawhi anachoka patangotha chaka chimodzi, komabe ine sindiona chodandaula pamenepo.

Timu imene ikumangidwa kumene ndiye isamale. Mu February 2019, Orlando Magic inatenga Markelle Fultz kuchokera ku Philadelphia akudwala phewa, n'kupereka Jonathon Simmons ndi ma pick awiri. Ambiri anati Orlando yatola chotchipa, chifukwa Fultz ndi amene anasankhidwa koyamba pa draft ya 2017. Mu January 2021 mnyamatayo anavulalanso bondo, zomwe zinandimvetsa chisoni poti anali atayamba kubwerera mwakale. Pick imodzi mwa ziwiri zija inagwa pa nambala 21 mu 2020, ndipo Philadelphia inasankha Tyrese Maxey, amene anakhala All-Star (mmodzi mwa akatswiri osankhidwa a mu ligi) mu 2024. Musaiwale kuti wosankhidwa mu raundi yoyamba timu ikhoza kumusunga zaka zinayi pa malipiro ochepa, pomwe wovulalayo amadya ndalama atakhala pa benchi.

Funsaninso kuti wavulala pati. Fupa lothyoka kamodzi limapola. Bondo lotupatupa chaka ndi chaka ndi nkhani ina. Philadelphia yomweyo inalumidwapo mu 2012: inataya Andre Iguodala, Nikola Vucevic ndi pick kuti ipeze Andrew Bynum, koma mawondo anamukaniza kusewera ngakhale gemu imodzi mu yunifomu yawo.

Ndikanakhala ine bwana wa timu imene mumachemerera, sindikanasaina madokotala anga asanamuyeze okha wosewerayo, ndipo ndikanaumirira kuti pick ikhale yotetezedwa, kutanthauza kuti ikagwa pa manambala 10 oyambirira itsale kwathu. Eni ake a wovulalayo akakana zimenezo pamene timu yanu sinalowe n'komwe mu playoffs (magemu omaliza olimbirana chikho), musiyeni achire kaye, mudzakambirane akayamba kuthamanga.