Kasikuta kakang'ono chonchi kangathyole bwanji nsagwada?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena, dzina ndasunga. Akuti mwana wawo wamwamuna ali ku London, anagwa pa sikuta yamagetsi zija amabwereka pa foni, ndipo madokotala akuti nsagwada yathyoka pawiri, akufuna kumuika zitsulo. Akufunsa kuti kanthu kooneka ngati choseweretsa cha ana kangathyole bwanji fupa, nanga opaleshoniyo ndiyofunikadi kapena angodikira kuti lipole lokha?

Mayi pepani kwambiri, kudwazika mwana pa foni ali kutali ndi chinthu chowawa zedi.

Tiyambe ndi kagwedwe kake. Pa njinga munthu amakhala, koma pa sikuta amaima chilili mapazi onse pa kathabwa kopapatiza, ndipo matayala ake ndi ang'ono ngati mbale ya ndiwo basi. Ndiye tayala lakutsogolo likangolowa mu kadzenje kapena kugunda m'mphepete mwa msewu sikuta ija imaima pomwepo koma munthu sayima ayi, amaulukira kutsogolo manja ali chigwirire mahandulo, mpata wotchinjiriza nkhope palibe, choyamba kufika pa phula chimakhala chibwano. Zobwereka za ku London zimathamanga mpaka pafupifupi makilomita 20 pa ola. Pomva zimaoneka zochepa, koma ambirife ngakhale titathamanga wapansi ndi mphamvu zonse liwiro limenelo sitingakhale nalo nthawi yaitali.

Zoti yathyoka pawiri zisakuopseni kwambiri, nsagwada imatero kawirikawiri. Fupa limeneli ndi lopindika ngati chibangili, mukachimenya mbali imodzi chimasweka ndi kwinanso. Munthu akagwera chibwano mphamvu ija imayenda mpaka pomwe nsagwada imalumikizana ndi mutu, pafupi ndi khutu, pamene fupa ndi lowonda, nkuthyokanso pamenepo.

Za opaleshoni, ine ndikuti musamuletse. Mufunseni ngati mano akumwamba ndi akumunsi akukumana monga kale akatseka pakamwa. Ngati sakukumana ndiye kuti fupa lasuntha, ndipo likapola lili chokhota adzavutika kutafuna moyo wake wonse, kulikonza pambuyo pake ndi ntchito yaikulu kuposa pano. Zitsulozo ndi tizidutswa ta chitsulo chotchedwa titanium tomangidwa ndi timasikuluwu, nthawi zambiri madokotala amalowera mkati mwa kamwa moti chipsera sichioneka kunja. Pafupifupi masabata 6 azidya zofewa zokhazokha, phala, supu, nthochi kapena mbatata yokanya. Nyama yootcha aiwale kaye. Ngati amasuta fodya asiye, amachedwetsa fupa kupola komanso bala limatha kuyamba mafinya.

Chinanso chomwe ndikufuna mumufunse, chifukwa anyamata amabisa: akuona zinthu ziwiriziwiri? Tsaya kapena mlomo wakumwamba wachita dzanzi? Zimenezi zimasonyeza kuti fupa la tsaya kapena kafupa kopyapyala ka pansi pa diso kasweka, ndipo awauze madokotala aone bwino pa sikani. Zikakhala choncho asamine mwamphamvu, mpweya umatha kulowa kuseri kwa diso nkutupitsa. Dzanzi la mlomo wakumunsi nalo limachitika, pali mtsempha umene umadutsa mkati mwenimweni mwa nsagwada, ndipo kwa ambiri limatha pang'onopang'ono, mwina miyezi.

Mwana wanu si woyamba. Kafukufuku wina wa ku Los Angeles amene anatuluka mu 2019 anaona anthu 249 ovulala ndi masikuta amenewa, 40 pa 100 aliwonse anavulala kumutu, ndipo amene anavala helemeti anali 4 okha pa 100. Ku Paris anthu anachita kuvota mu 2023, masikuta obwereketsa nkuchotsedwa mumzinda. Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti ngakhale helemeti wamba wa njinga amateteza ubongo koma chibwano ndi mano amazisiya pamtunda, woteteza nsagwada ndi uja wophimba nkhope yonse, ndipo anthu obwereka sikuta usiku pochokera kocheza, ena atalawako, sayenda naye.

Pakali pano mufunseni ngati ali ndi mnzake womuphikira masiku oyamba akatuluka m'chipatala, komanso ngati m'nyumbamo muli blenda, kamakina kogayira zakudya kuti zifewe. Mundilemberenso mundiuze mmene opaleshoni yayendera.