Mafunso a Owerenga: Nthano za zokhumba ndi malipiro ake

Funso: Akonzi, ndawerenga nthano yakale ya ku Ulaya imene wolemba wina waisimbanso mwatsopano, n'kuiika m'nthawi ya nkhondo ya ku Germany ya m'zaka za m'ma 1600. Mayi wamasiye akupempha mzimu wa m'nkhalango kuti ana ake asagonenso ndi njala, ndipo mzimuwo ukuvomera, koma malipiro ake ndi mwana wake wotsiriza. Nkhaniyi yandisautsa mtima kwambiri. Kodi olemba a masiku ano sakuwononga nthano za ana poziwonjezera nkhanza zotere? Ndine mayi wokonda kuwerengera ana nthano.

Yankho: Mayi, kusautsika kwanu n'komveka, koma nkhanza zimenezi sizinabwere ndi olemba a masiku ano. Pamene Jacob ndi Wilhelm Grimm, abale awiri a ku Germany, anasindikiza buku lawo la nthano mu 1812, cholinga chawo chachikulu chinali kusunga zimene anthu ankasimbirana, ngakhale kuti dzina la bukulo linkatchula ana. Pambuyo pake Wilhelm anapitiriza kufewetsa nthanozo mpaka kusindikiza komaliza kwa mu 1857. Mwachitsanzo, m'buku la 1812 amene anaumiriza kuti Hansel ndi Gretel akatayidwe m'nkhalango chifukwa cha njala anali mayi awo owabereka, koma pofika 1840 anali atasandulika mayi owapeza.

Chimene ife timachiona kukhala chofunika kwambiri m'nthano za zokhumba ndi kusiyana kwa malipiro. M'nthano ya msodzi ndi mkazi wake, mkaziyo ankatuma mwamuna wake kukapempha nsomba yolankhula kuti imupatse nyumba, kenako ufumu, kenako upapa, ndipo atafuna kufanana ndi Mulungu, awiriwo anabwerera m'kachisakasa kawo kakale. Anataya zokhazo zimene anachita kupatsidwa. Koma taonani mwana wamkazi wa mwini chigayo m'nthano ya Rumpelstiltskin. Iye sanasirire golide ayi; atate ake ndiwo anadzitama kwa mfumu kuti mwana wawo amapota udzu n'kukhala golide, ndipo mfumu inamutsekera m'chipinda n'kumuopseza kuti imupha akalephera. Atapereka kale mkanda ndi mphete zake kwa Rumpelstiltskin, kamunthu komwe kankamuthandiza kupota golideyo, chimene chinatsala choti alonjeze chinali mwana wake woyamba. Chimodzimodzinso m'nthano ya Rapunzel, bambo anaba masamba m'dimba la mfiti poopa kuti mkazi wake woyembekezera afa ndi chilakolako cha masambawo, ndipo khanda ndilo linakhala malipiro. Wadyera amangolandidwa zowonjezera, pamene wosowa pogwira amafunsidwa chinthu chokhacho chimene ali nacho, ndipo zimenezi n'zimene zimapweteka mtima wa wowerenga.

N'chifukwa chake sitikudabwa kuti wolemba wanuyo anasankha nthawi imeneyo. Nkhondo ya zaka 30, imene inayamba mu 1618 n'kutha mu 1648, inasiya midzi yambiri ya ku Germany ili mabwinja, pakuti asilikali ankalanda zokolola ndi ziweto, ndipo njala ndi miliri zinapha anthu ochuluka kuposa amene anafera kunkhondo. Mu 1631 mokha, mzinda wa Magdeburg utagonjetsedwa, anthu pafupifupi 20,000 anaphedwa. M'zaka zomwezo, ku Würzburg ndi ku Bamberg anthu mazanamazana anaphedwa powaganizira ufiti, ndipo ku Würzburg ena mwa iwo anali ana. Mayi wamasiye wopita kukapempha mzimu m'masiku otero akudziwa bwino kuti anansi akamuona, moto ukumudikira, koma akupitabe chifukwa ana akulira. Mbiri yeniyeniyi imachititsa kuti pempho lake lisaoneke ngati uchitsiru.

Komabe nkhawa yanu ili ndi maziko, pakuti alipo olemba amene amathira magazi m'nthano pongofuna kudzidzimutsa anthu, ndipo ife sitiwayamikira. Poyesa buku loterolo, dzifunseni ngati wolembayo anakupatsani mpata wodziwa ndi kukonda mwana wotsirizayo asanatengedwe, ndiponso ngati mayiyo anali ndi njira ina imene akanatsata. Ngati mwanayo anangotchulidwa kuti aperekedwe nsembe, nkhanzazo n'zopanda pake.

Kunena za ana anu, nthano zosimbidwanso mwa njira imeneyi zimalembedwera akuluakulu ndi achinyamata okhwima maganizo. Muziyamba mwawerenga nokha buku lililonse musanawapatse, ndipo aang'ono muwasankhire mabuku a nthano amene anakonzedwera msinkhu wawo.